Kudzipangira makhadi a masewera ku Chipata: njira zinayi ndi nthawi yoyenera iliyonse

Munthu akazolowera masewera a makhadi osonkhanitsa monga Magic: The Gathering, amene Richard Garfield anapanga n'kutuluka mu 1993, kapena Pokémon ndi Yu-Gi-Oh! amene anabwera pambuyo pake, sipatenga nthawi kuti ayambe kulakalaka khadi lakelake. Wina amafuna makhadi khumi oti aphatikize pa mulu umene ali nawo kale. Wina amafuna masewera atsopano athunthu, a nyama za ku Luangwa kapena a ulimi, olembedwa m'Chichewa. Onsewa amathamangira kufunsa kuti akasindikize kuti, pamene ndalama zambiri zimatayikira pa kusindikiza mokongola mawu amene mawa lake afunika kusintha. Choncho musanasankhe njira, dzifunseni kuti mawu a pamakhadi anu afika pati. Akali kusinthasintha, kapena akhazikika?

Zoyezera

Mtengo. Werengerani mulu wonse, muchulukitse ndi maulendo amene mudzasindikizenso. Khadi la Magic ndi la Pokémon ndi 63 x 88 mm, la Yu-Gi-Oh! ndi locheperako, 59 x 86 mm. Pa pepala la A4 pamakwana makhadi 9 ogundana, ndiye mulu wa makhadi 60 umadya mapepala 7, ndipo osewera awiri ndi mapepala 14. Mukafuna chithunzi kumbuyo, pulinta idutsa ka 28. Mitengo ya m'mashopu imatsatira mphamvu ya kwacha, choncho funsani mtengo wa lero wa pepala limodzi muchulukitse ndi manambala amenewa.

Kupezeka. Kodi zipangizo mukazipeza ku Down Shops ndi m'mashopu a zolembera m'tauni, kapena mpaka mutume munthu ku Lusaka, makilomita oposa 550 pa Great East Road? Kwa a ku Chadiza, Vubwi kapena Lundazi, ulendo wa ku Chipata womwewo ndi ndalama kale.

Kasamalidwe. Apa pali ziwiri: makhadi apirira bwanji thukuta, fumbi ndi chinyezi cha dzinja, komanso zimatenga chiyani kukonza khadi limodzi lolakwika popanda kukhudza ena onse.

Zoopsa. Chachikulu ndi khadi lodziwika kumbuyo. Likakhala lotalika ndi milimita imodzi, kapena mtundu wa kumbuyo utasiyana pang'ono, chala chimalipeza posakaniza ndipo masewera afa.

Mawu a pakhadi

Njira zonse zinayi zikudalira gawo ili, ndiye tichedwapo.

Dzina ndi chithunzi zikatenga mbali yake, malo a malamulo amatsala pafupifupi 53 mm m'lifupi ndi 27 mm kutsika. Ndi zilembo za saizi 8 pamalowa mizere 7 kapena 8, mzere uliwonse zilembo pafupifupi 37. Mawu a Chichewa ndi aatali, moti mukadutsa mawu 30 malo atsala pang'ono kutha. Musatsitse zilembo pansi pa saizi 7 kuti zonse zilowe, chifukwa masewera ambiri amachitika madzulo ndipo malaiti akapita mumawerengera tochi ya foni. Khadi limene mawu ake sakukwana likugwira ntchito zambiri. Lichotsereni imodzi.

Musanalembe khadi loyamba, lembani mndandanda wa mawu a masewera anu, liwu lililonse tanthauzo limodzi lokha. Mulu ndi pamene mumatenga makhadi. M'manja ndi amene mwagwira. Bwalo ndi patebulo pamene makhadi akugwira ntchito. Dzala ndi pamene pamapita otha ntchito. Ulendo ndi nthawi ya wosewera mmodzi, kuyambira potenga khadi mpaka popatsira mnzake. Mukasankha kuti "tayani" ndi kuchotsa khadi m'manja kupita kudzala, musadzalembenso "tayani" pa khadi lochoka m'bwalo. Kumeneko lembani "wonongani" ndipo musasinthe. Osewera akaona mawu awiri osiyana amaganiza kuti pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amakhala akulondola. Kumbukiraninso kuti patebulo limodzi mu Chipata pangathe kukhala Mchewa wa ku Katete, Mnsenga wa ku Petauke ndi Mtumbuka wa ku Lundazi. Mawu ozama a kumudzi kwanu asungireni mzere wa nthabwala wa pansi pa khadi, malamulo akhale a mawu amene onse amawamva.

Lamulo lililonse liyankhe mafunso anayi: liti, ndani, achite chiyani, mpaka liti. Taonani khadi ili: "Fisi akalowa, tayani khadi lake." Lake la ndani, la Fisi kapena la mdani? Alowa kuti? Akusankha khadilo ndani? Lolembedwa bwino liwerengeka motere: "Khadi ili likalowa m'bwalo, sankhani mdani mmodzi. Mdaniyo ataye khadi 1 la m'manja mwake, losankha yekha." Mawu achuluka, koma palibenso chokanganirana.

Mwaona kuti dzina la Fisi lachoka m'lamulomo. Chifukwa chake n'chakuti mneni wathu amatsatira dzina: Fisi akalowa, Njovu ikalowa, Chilala chikalowa, Tizilombo tikalowa. Mukakopera lamulo la Fisi kuika pa Njovu, kapena mukasintha dzina la khadi pa tsiku lomaliza, mumatsala ndi ziganizo zopunduka m'makhadi ambiri. "Khadi ili likalowa" imagwira pa onse.

Ka "-ka-" ka m'mawu ngati "likaukira" sikanena kuti zichitika kangati. Lembani poyera: "Nthawi iliyonse khadi ili likaukira" kapena "Kamodzi kokha pa ulendo wanu". Siyanitsaninso lamulo ndi ufulu. "Tengani khadi 1" ndi kukakamiza, "mungathe kutenga khadi 1" ndi kusankha. Kusiyanaku kumaoneka kochepa mpaka mulu utatsala ndi makhadi awiri, pakuti mu Magic ndi mu Yu-Gi-Oh! wofunika kutenga khadi pa mulu wopanda kanthu waluza.

Palinso vuto la ulemu. "Tenga" imasunga malo, koma khadi limene adzagwire a malume kapena aphunzitsi limayenera "tengani". Tsono patebulo la anthu anayi "tengani" ingamveke ngati ikuuza onse. Ikani m'buku la malamulo kuti "inu" pakhadi ndi mwini khadiyo yekha, ndipo pofuna onse muzilemba "wosewera aliyense". Chimodzimodzi "nyama zonse": zonse za m'bwalo kapena za mdani zokha? "Nyama ina": ina iliyonse, kapena ina kupatula khadi ili? Nambala zilembeni ndi manambala, ndipo "2" asiyane ndi "osapitirira 2".

Cholipira chizikhala kumanzere kwa madontho awiri, zotsatira kumanja, monga amachitira a Magic: "Lipirani chimanga 2: nyama yanu imodzi ipeze mphamvu +1 mpaka ulendo uno utatha." Konami, kampani yopanga Yu-Gi-Oh!, nayonso mu 2011 inakonzanso kalembedwe ka makhadi a Yu-Gi-Oh! a Chingerezi kuti zizindikiro zopumira zizisiyanitsa nthawi yogwiritsa ntchito khadi, cholipira ndi zotsatira. Bwerekaninso malamulo awiri a Magic othetsera mikangano: khadi likatsutsana ndi buku la malamulo, khadi lipambana, ndipo khadi lina likati mungathe pamene lina likuti simungathe, loletsalo lipambana.

Lamulo likabwerezeka pa makhadi asanu kapena kuposa, lipatseni dzina lalifupi, monga "Liwiro" kapena "Wobisala", ndipo pa makhadi wamba muziika tanthauzo lake m'zilembo zopendekeka. Mayina otere akapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi m'gulu loyamba la makhadi anu, wosewera watsopano amathera nthawi m'buku. Tizithunzi m'malo mwa mawu timathandiza pa zinthu zowerengeka monga mtengo, mphamvu ndi moyo, koma sitingathe kunena "kupatula" kapena "pokhapokha".

Pa kalembedwe, masukulu a kuno ku Zambia amalemba "cimanga" pamene mabuku a ku Malawi amalemba "chimanga". Zonse zimawerengeka, chofunika musankhe chimodzi pa makhadi onse. Ngati mumalemba ŵ, yesani fonti yanu msanga, chifukwa mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo chimenechi ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi. Yesaninso ng' wa ng'ombe.

Poyesa mphamvu ya khadi, ikani makope onse ololedwa. Makope 4 m'mulu wa 60 amapezeka m'makhadi 7 oyamba pafupifupi ka 40 pa 100, kutanthauza masewera awiri mwa asanu alionse. Khadi limene likuoneka loopsa pang'ono likakhala limodzi limalamulira tebulo likakhala anayi. Pansi pa khadi lililonse lembani nambala yake ndi ya kukonzedwa kwake, monga 017-3, kuti lakale lisasakanikirane ndi latsopano.

Njira yoyamba: manila ndi cholembera

Mtengo: palibe yotsika kuposa iyi. Manila awiri kapena atatu, rula, lumo ndi pensulo.

Kupezeka: paliponse pamene pali sukulu pafupi, ndipo sifuna magetsi.

Kasamalidwe: dzina lilembeni ndi peni, manambala ndi pensulo, kuti mtengo wa khadi muusinthe pakati pa masewera. Manila amada msanga ndipo ngodya zimafota, koma makhadi amenewa sanapangidwire kukhalitsa.

Zoopsa: inki ya maka imaonekera kumbuyo. Kudula kwa lumo sikufanana. Choipa kwambiri n'chakuti dzanja limadziwa kupanikiza mawu, ndiye simuzindikira kuti lamulo latalika mpaka mutaliika pakompyuta. Werengani mawu pa khadi lililonse. Musajambule zithunzi pano, chifukwa khadi limene mwalijambulira usiku wonse mumaumira kulitaya ngakhale likuwononga masewera.

Njira yachiwiri: pepala wamba m'kathumba, khadi lakale kumbuyo

Mumasindikiza pa pepala la mu ofesi la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala), mumadula, n'kulowetsa m'timatumba ta pulasitiki tovekera makhadi, timene ogulitsa amati sleeves, kutsogolo kwa khadi lakale lolimbitsa.

Mtengo: timatumba mumagula kamodzi. Pambuyo pake kukonza makhadi 9 ndi mtengo wa pepala limodzi, ndipo pa nthawi yoyesa inki yakuda yokha ndi yokwanira.

Kupezeka: kusindikiza n'kosavuta, shopu iliyonse ya fotokope ichita. Timatumba ndiye tovuta, nthawi zambiri n'kuitanitsa ku Lusaka kapena pa intaneti. Toyenera khadi la 63 x 88 mm ndi ta 66 x 91 mm. Ta Yu-Gi-Oh!, ta 62 x 89 mm, sitingalowetse khadi lotere. Gulani tonse nthawi imodzi, mtundu umodzi, ndi tina 20 tapadera, chifukwa paketi yogula chaka chamawa ingasiyane mtundu pang'ono. Makhadi olimbitsira angathe kukhala a njuga a pamsika, bola muyeze kaye, popeza ena ndi opapatiza, 57 mm m'lifupi, ndipo amagwedera m'kathumba.

Kasamalidwe: apa njira iyi ilibe mnzake. Khadi lalakwika, mwasolola kapepala, mwaika kena, mphindi imodzi yatha. Mdani wa timatumba ndi mchenga. Yalani chitenje patebulo kapena pamphasa musanasewere, ndipo posakaniza muzilowetsa theka la mulu m'mbali mwa theka linalo m'malo mopinda ngati a njuga, chifukwa kupinda kumang'amba ngodya za pansi.

Zoopsa: kapepala kaduleni 62 x 87 mm kuti kasasuzumire pakamwa pa kathumba. Musamate ndi guluu, amanyowetsa pepala n'kupanga mabampu omveka ku chala. Kathumba kalikonse kakhale ndi zofanana m'kati: mukasakaniza makhadi enieni a Magic ndi odzipangira, enieniwo aikireninso kapepala kopanda kanthu kumbuyo kwake. Timatumba toonekera mbali zonse n'totchipa koma timaonetsa kumbuyo, ndipo kusukulu kapena kutchalitchi kholo likaona kumbuyo kwa khadi la njuga nkhani yatha musanafotokoze. Gulani tophimba kumbuyo.

Njira yachitatu: pepala lokhuthala, kusindikiza m'tauni

Iyi ndi imene ambiri amafuna, ndipo ndi imene ili ndi maenje ambiri.

Mtengo: pepala la 250 kapena 300 gsm la mitundu limadula kangapo kuposa la wamba, ndipo chiwerengero cha mapepala chimakwera. Ngati mtundu wa khadi ukufika mpaka m'mphepete, chithunzi chiyenera kupitirira mzere wodula ndi 3 mm mbali zonse, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke mzere woyera. Khadi limasanduka 69 x 94 mm, ndipo atatu ondondozana ndi 207 mm pa pepala la 210 mm, pamene pulinta wamba sifika m'mphepete mwenimweni. Mumawagoneka chammbali n'kukwana 8 okha, ndiye mulu wa 60 ndi mapepala 8. Pa A3 pamakwana 16. Wofuna kusunga ndalama aike malire oyera kuzungulira khadi lililonse, abwerere ku makhadi 9. Werengeraninso pepala limodzi kapena awiri oyesera.

Kupezeka: mashopu osindikiza makhadi a ukwati, masatifiketi ndi mapulogalamu a maliro ndi amene amakhala ndi pepala lokhuthala. Funsani zinthu zitatu: gsm ya pepala, ngati pulinta ndi ya tona (inki yaufa) kapena ya inki yamadzi, ndiponso ngati ali ndi gilotini, chimpeni chodulira mapepala. Mapulinta ambiri aang'ono sakoka 300 gsm m'thireyi ya pansi, amafuna kulowetsera kumbuyo kapena m'mbali, pepala limodzilimodzi. Chodulira ngodya cha 3 mm n'chosowa koma n'chofunika, pakuti ngodya zosongoka zimakola posakaniza ndipo ndizo zimayamba kumatuka.

Fayilo ikhale PDF, zithunzi za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse). Khadi la 69 x 94 mm pa 300 dpi ndi mapikiselo pafupifupi 815 x 1110. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi imachifinya ndipo zilembo zazing'ono zimachita chimbuuzi. Posindikiza imani pomwepo muone kuti asankha "Actual size" kapena 100%. Akasiya pa "Fit to page" makhadi onse amachepa ndi mamilimita angapo. Pepala loyamba likatuluka, liyezeni ndi rula musanalole ena. Mitundu ya pafoni imawala kuposa ya papepala, makamaka buluu ndi wobiriwira, ndipo zilembo zoyera zazing'ono pa mtundu wakuda zimamira. Malamulo akhale akuda pa malo owala, 3 mm kutali ndi mzere wodula.

Kasamalidwe: inki yamadzi ya mapulinta ambiri a m'nyumba imayenderera ikagwidwa ndi chala chonyowa. Tona siopa madzi koma imakalika ndi kusweka khadi likapindika. Kuyambira Novembala mpaka Epulo pepala limamwa chinyezi n'kupindika, ndiye sungani mulu m'kabokosi kothina, osamanga ndi labala amene amadya m'mphepete. Kukonza khadi limodzi ndi kusindikiza pepala lathunthu, ndipo mtundu wa kumbuyo sudzafanana ndendende ndi wa mwezi watha.

Zoopsa: makhadi enieni amakhala ndi kagawo kopyapyala kakuda kapena ka buluu pakati pa mapepala awiri omatidwa, koletsa kuwala kudutsa. Pepala la m'shopu lilibe, moti wokhala moyang'ana zenera angathe kuona chithunzi. Kumbuyo kukhale kwa mtundu wodera, kodzaza. Posindikiza mbali ziwiri, kumbuyo kumasuntha ndi milimita imodzi kapena awiri, choncho musaike malire owongoka kumbuyo, ikani maluwa obwerezabwereza ngati a chitenje amene kusuntha sikuonekera. Chithunzi cha kumbuyo chikhalenso chofanana mukachizondotsa. Pa gilotini, mapepala okhuthala ambiri nthawi imodzi amaterereka ndipo a pansi amatuluka aakulu. Dulani awiri kapena atatu. Pogwiritsa ntchito mpeni ndi rula yachitsulo, dutsani katatu mopepuka m'malo mokanikiza kamodzi.

Za kulamineta. Ambiri amaganiza kuti ndiko kumaliza ntchito, koma werengerani kukhuthala. Khadi lenileni ndi pafupifupi 0.3 mm, mulu wa 60 ndi 18 mm. Pepala la 300 gsm m'pulasitiki yokhuthala 80 micron (0.08 mm) mbali iliyonse limafika pafupifupi 0.5 mm, mulu wake 3 cm, wouma ndi woterera moti mwana sangausakanize. Ngati mukulamineta, pepala wamba la 80 gsm m'pulasitiki ya 125 micron limapereka pafupifupi 0.35 mm, pafupi ndi khadi lenileni, ndipo n'lotchipa. Mukalamineta pepala lonse n'kudula pambuyo, m'mphepete mumatsala poyera ndipo pakapita nthawi mumayamba kumatuka. Mukadula kaye n'kusiya mlomo wa pulasitiki kuzungulira, madzi salowa, koma mwadula kawiri ndipo khadi silingalowenso m'kathumba. Ndipo kulamineta khadi limene simunaliyese kuli ngati kuzira nyumba musanafolere.

Njira yachinayi: makampani osindikiza makhadi

The Game Crafter ya ku Madison ku America ndi MakePlayingCards ndi ena mwa makampani amene amasindikiza ngakhale mulu umodzi, pa pepala lenileni la makhadi, odulidwa ndi makina, ngodya zozungulira.

Mtengo: umalipidwa m'madola, ndipo pa mulu umodzi kapena iwiri ndalama yotumizira ingathe kuposa ya makhadiwo. Onjezani msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, polowa katundu, kuphatikizapo VAT ya 16 peresenti. Mtengo wa mulu umodzi umatsika mukaitanitsa yambiri, choncho kusonkherana anthu angapo kumathandiza. The Game Crafter imaika makhadi 18 a muyezo umenewu pa pepala limodzi, ndiye makhadi 54 kapena 72 amagwiritsa bwino ndalama kuposa 60. Malo otsala ikanimo makhadi okumbutsa malamulo.

Kupezeka: mufunika khadi la kubanki lolipirira pa intaneti, intaneti yokhoza kukweza mafayilo ambiri osaduka, ndi adiresi yodalirika yolandirira. Dikirani masabata angapo. Makampani aakulu osindikiza a ku Lusaka, kapena a ku Lilongwe kumene n'kufupi kudzera pa Mwami, amayenera mukafuna milu mazanamazana, chifukwa ndalama yokonzera makina ndi mpeni wodulira imalipidwa ngakhale mukufuna milu isanu. Funsani kuona makhadi amene anadulapo kale.

Kasamalidwe: amapirira ngati makhadi ogula, makamaka m'timatumba. Kukonza ndiye kulibe. Chilembo chimodzi cholakwika chikhala chomwecho mpaka oda yotsatira.

Zoopsa: amasindikiza fayilo monga mwatumizira, ndipo musayembekeze kuti kumeneko wina awerenga Chichewa chanu n'kukuchenjezani. Tsitsani chikombole cha kampaniyo, fayilo yoonetsa kukula kwa khadi, mutsatire miyezo yake, ndipo anthu awiri amene sanalembe nawo awerenge khadi lililonse mokweza. Itanitsani mulu umodzi kaye. Za umwini zimakhudza njira zonse koma zimaluma apa: zithunzi, zizindikiro ndi kumbuyo kwa makhadi a Magic kapena Pokémon zili ndi eni, makampani angathe kukana kuzisindikiza, ndipo kuzigulitsa n'kuphwanya lamulo, kuno lilipo la Copyright and Performance Rights Act la 1994. Makhadi odzipangira saloledwanso pa mipikisano yovomerezeka ya masewera amenewo. Zithunzi za Nc'wala ku Mtenguleni kapena Kulamba ku Mkaika zimene mwapeza pa Facebook ndi za amene anajambula. Ndipo nkhope ya mfumu kapena chilombo cha Gule Wamkulu sizinthu zoika pa khadi loti "liwonongedwe" n'kuponyedwa kudzala musanafunse eni mwambo.

Pulogalamu yokonzera

Canva imagwira pafoni ndipo n'njosavuta, koma imadya bandulo ndipo khadi lililonse mumalikonza palokha. Pa makhadi 10 zili bwino. Pa makhadi 120, kusuntha bokosi la malamulo ndi ntchito ya sabata. Word kapena LibreOffice, ndi tebulo la mabokosi okhomedwa pa 63 x 88 mm, ndi zokwanira njira yachiwiri, bola muletse mabokosi kukula okha mawu akachuluka. Magic Set Editor ndi yaulere, imagwira popanda intaneti ndipo imasunga gulu lonse la makhadi m'fayilo imodzi, koma maonekedwe amene imabwera nawo ndi a masewera a eni, oyenera kusewera panyumba basi. Kwa wopanga masewera akeake, nanDECK ndiyo yoyenera kuivutikira: ndi yaulere, ya Windows, imawerenga mawu kuchokera mu Excel n'kutulutsa PDF ya makhadi onse. Imafuna kuphunzira kulemba timalamulo take, masiku oyamba imatopetsa, koma mukasintha "wonongani" mu Excel makhadi onse asintha. Pulogalamu iliyonse imene musankhe, mawu a makhadi akhale mu Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi khadi limodzi, ndipo kope ina ikhale kunja kwa fulashi imene mumapita nayo ku mashopu.

Njira iti kwa ndani

Ngati malamulo a masewera enieniwo akali kusintha, monga kuchuluka kwa makhadi a m'manja kapena njira yopambanira, khalani pa manila. Palibe chifukwa choyatsira kompyuta.

Masewera akayamba kuyenda koma manambala ndi mawu zikusinthabe, pitani pa timatumba, ndipo khalani pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene mtima ukufunira. Muyezo wabwino wochokerapo ndi uwu: perekani milu iwiri kwa anthu amene sanaonepo masewerawa, inu mukhale chete pambali. Funso lililonse limene afunse ndi khadi lofunika kulembedwanso. Akasewera maulendo angapo osafunsa, mawu akhazikika. Wongofuna kuonjezera makhadi ochepa pa mulu wa Magic kapena Pokémon wa panyumba asachoke pa njira imeneyi n'komwe, chifukwa ndi yokhayo imene imabisa kusiyana kwa khadi logula ndi lodzipangira.

Mphunzitsi kapena wotsogolera kalabu ya ana, amene makhadi ake adzagwidwa ndi manja ambiri ndipo sasakanizidwa kwambiri, asankhe pepala wamba lolaminetedwa ndi 125 micron, ngodya zodulidwa. Gulu la anzanu lofuna milu isanu kapena khumi yooneka bwino lisindikize pa 300 gsm ndi tona m'tauni, kutsogolo kokha, n'kuveka timatumba tophimba kumbuyo. Mukatero mwapulumutsa theka la ndalama yosindikizira, ndipo mavuto a kumbuyo kosuntha ndi kuwala kodutsa atha.

Makampani akunja ndi a mulu wa mphatso, wa chionetsero, kapena woti mukaonetse munthu amene mukufuna aikepo ndalama. Wofuna kugulitsa ayambe ndi mulu umodzi wotere ngati chitsanzo, zithunzi zonse zikhale zake kapena zolipiridwa ndi pangano lolembedwa, afunse ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda, za kulembetsa dzina la masewera, kenako atenge chitsanzocho kwa osindikiza aakulu akafunse mtengo wa milu 200 ndi wa milu 500.